Anthu a pa Zimbowera ndi a Boma Liti?

Pa doko la kwa Mposa, m'mawa dzuwa lisanakwere, bwato likamatuluka m'kanjira ka pakati pa njedza mumayamba mwamva fungo la utsi ndi matemba musanaone nkhope ya mwini wake. Mnyamatayo waimirira kumbuyo, akukankha ndi nsungwi yaitali, poti madzi a pano ndi osaya ndipo nkhafi imangovundula matope. M'bwatomo muli madengu awiri a nsomba zowamba, chigubu chopanda kanthu ndi thumba la ufa lotsala kunsi kokha. Watha miyezi iwiri osaponda dothi louma. Mukamufunsa kwawo, atchula mudzi wa kwa Kawinga kapena wa ku Ulongwe. Mukamufunsa kumene amagona, angoloza ndi chibwano kumadzi.

Kumene walozako kuli zimbowera. Asodzi amapinda njedza n'kuisanja mulu pamwamba pa mulu mpaka ikhale ngati mphasa yochindikala yoyandama, kenaka amamangapo kachisakasa. Pomwepo amaphika, pomwepo amagona, pomwepo amasoka maukonde. Zimbowera zina zazikulu ndi matiyirumu, kumene munthu amagula tiyi, sopo, mchere ndi mabatire a tochi, n'kumvako nkhani za kumtunda. Madzi akumwa amatunga m'mbali mwa mphasayo. Chimbudzi ndi madzi omwewo.

Tsono tikufunseni inu a DC a ku Machinga, a ku Zomba ndi a ku Phalombe, inu aphungu amene madera anu amakathera m'madzi a Chilwa, ndi inu a ku Dipatimenti ya Usodzi: anthu amenewa alipo angati? Amene agona pa njedza usiku wathawu ndi angati? Mwa iwo amayi ndi angati, ana osakwana zaka 15 ndi angati? Ali m'kaundula wa mfumu iti? Ndi chipatala chiti chimene polandira mankhwala chinawawerengera? Mmodzi wa iwo akamwalira pakati pa nyanja, imfa yake imalembedwa m'boma liti?

Musatiyankhe kuti ndi anthu ochepa. Kolera itabuka pa Chilwa mu Disembala 2015, azaumoyo pamodzi ndi a bungwe la MSF anayerekeza kuti pa zimbowera pokha pali asodzi pafupifupi 6,000, osawerengera zikwi za anthu a pa chilumba cha Chisi ndi a ku Chinguma kutsidya. Dziko la Tuvalu, m'nyanja ya Pacific, lili ndi anthu pafupifupi 11,000 okha pa malo okwana masikweya kilomita 26, koma lili ndi mbendera yake, nyumba ya malamulo yake ndi mpando ku United Nations. Mu 2021 nduna yake yoona za kunja, Simon Kofe, inaima m'madzi olekeza m'mawondo itavala suti, n'kulankhula ku msonkhano wa za nyengo wa COP26 kuti dziko lonse lione mmene zilumba zawo zikumirira. Kwathu konkuno, Likoma inapezeka ndi anthu 14,527 pa kalembera wa 2018, ndipo ili ndi DC wake, khonsolo yake ndi mawu ake ku Nyumba ya Malamulo. Izi n'zoyenera, palibe akudandaula. Nanga a pa Chilwa amawalankhulira ndani? Ndani mwa inu anayamba waima m'madzi a kwa Mposa kapena a ku Namanja n'kunena poyera kuti awa ndi anthu anga?

Mwina mudzati vuto ndi loti dziko la anthu amenewa silikhazikika. Zoonadi silikhazikika, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imatsirira, Mnembo amabweretsa ake kuchokera ku Mozambique, koma palibe mtsinje ngakhale umodzi wochotsa madziwo. Chimawachotsa ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake madzi ake amamveka mchere pakamwa chilimwe chikafika pachimake. Ndi nyanja yotambalala ngati lichero, malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, kotero madzi akatsika pang'ono chabe gombe limathawa makilomita. Doko limene munaimika bwato chaka chatha, chaka chino pakudya ng'ombe. Inaphwa yonse mu 1968. Inaphwanso mu 1995. Inatsika koopsa mu 2012, ndipo mu 2018 tonse tinaona mabwato atagona chammbali pa matope ong'ambika ku Kachulu.

Palibe chachinsinsi apa. David Livingstone anaifika nyanjayi mu 1859 n'kulemba za madzi ake. Akatswiri a ku University of Malawi anaipima kwa zaka zambiri, kuyambira isanaphwe mu 1968 mpaka itadzazanso, ndipo buku lawo linatuluka mu 1979. Mu 1996 munailembetsa pansi pa pangano la Ramsar kukhala dambo lofunika padziko lonse, mahekitala 224,800, malo oti Tuvalu angalowemo maulendo oposa 80. Mu 2006 a UNESCO anaiika m'gulu la malo otetezedwa a zachilengedwe. Mbalame zake munaziwerenga mitundumitundu. Nsomba zake mukuzidziwa ndi maina a Chilatini omwe: matemba, makumba, mlamba. Zatheka bwanji kuti mudziwe za mbalame kuposa za anthu?

Ndipo ngati mukudziwa kuti nyanjayi imaphwa, n'chifukwa chiyani ikaphwa mumachita ngati mwadzidzimuka? N'chifukwa chiyani kuphwa kulikonse kumatchedwa ngozi yogwa mwadzidzidzi, pomwe nkhalamba za kwa Mposa zimatha kukuwerengerani zaka zake ndi zala? Ndondomeko ya chaka chimene idzaphwenso ili m'kabati ya ndani? Asodzi zikwi zija adzapita kuti, ndipo mwakonza chiyani kumene adzapiteko? Ana a pa Chisi adzawoloka bwanji pamene madzi achepa moti bwato silingayende, koma matope akadali oti munthu sangapondepo? Mayi woyembekezera amene zamuvuta usiku m'miyezi imeneyo mudzamutulutsa ndi chiyani? Nyengo ya pakatipakatiyi, yosakhala madzi yosakhalanso mtunda, ndiyo imazunza anthu a pachilumba, ndipo imabwera ikuonekera patali miyezi ingapo isanafike.

Tibwerere ku kalembera. Wa 2018 anachitika mu Sepitembala, nthawi yomwe nyanja inali ikuthawa magombe ake ndipo asodzi ambiri anali atayamba kubalalika. Inu a National Statistical Office, likulu lanu lili mu Zomba momwemo, ndipo munthu akakwera phiri la Zomba kuli kowala amachiona chilumba cha Chisi ndi maso. Tiuzeni: msodzi wa pa chimbowera munamuwerengera kuti? Kumudzi kumene mkazi wake anamutchula? Pa doko pamene anapezeka tsikulo? Kapena sanawerengedwe konse? Mukatiuza kuti aliyense anawerengedwa penapake, tivomera. Koma munthu wowerengedwa ku Ulongwe pomwe miyezi isanu ndi itatu ya chaka amakhala pa njedza, mjigo wake mukaukumba ku Ulongwe, ndipo iye apitiriza kumwa madzi a pansi pa mphasa. Chiwerengero chimene sichinena kumene munthu amagona sichingamufikitsire klorini.

Manambala amene munatulutsawo akunena okha zimene zikubwera. Mu 2008 Machinga inali ndi anthu osakwana 500,000. Mu 2018 anafika 735,438. Balaka inachoka pa anthu pafupifupi 317,000 kufika pa 438,379. Minda sinakule. Munda womwe agogo ankalima okha lero wagawidwa kwa zidzukulu zisanu, aliyense mizere yake yowerengeka. Mnyamata wa ku Ntaja kapena wa ku Nsanama akamaliza Sitandade 8 n'kulephera kupitiriza sukulu, njira zake ndi zowerengeka: kabaza, makala, ulendo wa ku Joni ngati pali wachibale womulipirira, kapena kunyanja. Chilwa safunsa satifiketi. Zaka zabwino nyanja imeneyi yakhala ikupereka pafupifupi nsomba imodzi mwa zisanu zilizonse zogwidwa m'dziko muno. Ndiye bwana wamkulu wolemba ntchito m'chigawo chino, ndipo ndi bwana amene zaka zingapo zilizonse amatseka geti. Kodi munakhalapo pansi kuwerengera kuti anthu akuchuluka pa liwiro lotere pamene madzi akuchepa, zidzathera kuti?

Inu a ku Balaka musaganize kuti nkhaniyi ikukudutsani chifukwa boma lanu lilibe gombe la Chilwa. Mpaka 1998 Balaka inali mbali ya Machinga, ndipo malire amene munalemba chaka chimenecho sanadule njira za anthu. Balaka ndi dera louma, mvula imadula msanga, chimanga chimapserera chisanamasule. Chaka cha njala anyamata anu amalowera kummawa. Matemba amene amayi amagulitsa pamulu mumsika wa Balaka, pa Ulongwe ndi pa Phalula, ambiri amachokera m'madengu ngati a mnyamata uja. Ndiwo ndiwo za munthu wosauka, zimene kapu imodzi imakwanira banja lonse ikathiridwa tomato. Nyanja ikaphwa, mtengo wa kamulu kaja umakwera pa Balaka sabata yomweyo. Mukudziwa kuti anthu a m'boma lanu amene ali pa zimbowera pano ndi angati? Munafunsapo anzanu a ku Machinga? Pa misonkhano ya khonsolo yanu, dzina loti Chilwa linamvekapo liti komaliza?

Nkhani ya kolera ndiyo ikutipweteka kwambiri, chifukwa inaonetsa kuti zimene mumati n'zosatheka n'zotheka. Kumayambiriro a 2016 katemera wakumwa anafika mpaka pa zimbowera. Azaumoyo anakwera mabwato, anafika m'matiyirumu a pamadzi, anamwetsa asodzi katemera woyamba. Wachiwiri, poona kuti n'kovuta kuwapezanso anthu omwewo patatha masabata awiri, anawapatsa m'manja, m'kathumba kapulasitiki, kuti adzamwe okha tsiku likakwana. Njira imeneyi inalembedwa m'magazini a zaumoyo kunja, anthu a maiko ena n'kuphunzirapo. Tanthauzo lake n'lakuti anthuwa ndi ofikirika, ndipo ukawakhulupirira amamva. Nanga mabwato amene anawapeza mu 2016 anasochera kuti mliri utatha? Ngati munatha kufika ndi katemera, chikukulepheretsani n'chiyani kufika mwezi ndi mwezi ndi klorini, mankhwala a likodzo, ma ARV ndi sikelo ya ana? N'chifukwa chiyani munthu wa pa chimbowera amaoneka pokhapokha akayamba kutsegula m'mimba, pamene matenda ake akuopseza a kumtunda?

Ndipo a kumtunda anaopsezedwadi. Mliri wa kolera umene unalengezedwa mu Malichi 2022 unayamba kudziwika pa chipatala chachikulu cha Machinga, pa wodwala wochokera ku Balaka. Unafalikira m'maboma onse, ndipo unapha anthu oposa 1,700, kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Sitikunena kuti unachokera kunyanja. Tikunena kuti maboma awiriwa ali pa njira imodzi ya anthu, ya nsomba ndi ya matenda, ndipo pakati pa njirayo mwasiya anthu zikwi akumwa madzi amene akuchitiramo chimbudzi. Zaka zonsezi, ndani mwa inu anayesapo njira ya chimbudzi chogwira ntchito pamadzi oyandama? Ngati inayesedwa n'kulephera, lipoti lake lili kuti? Ngati sinayesedwe, mukudikira maliro angati?

Pali nthawi imodzi imene boma silisochera njira ya kunyanja. Ikafika miyezi yotseka nyanja, bwato la injini limapezeka, mafuta amapezeka, makoka amalandidwa. Chiphaso cha usodzi chili ndi mtengo wake, ndipo amene alibe amadziwika. Dengu likafika pamsika, wa tikiti amakhala wafika kale. Kutseka nyanja kuti nsomba ziswane n'koyenera, ndipo ife tikukuvomereza ndi mtima wonse. Koma tiuzeni, ndalama za ziphaso ndi za matikiti a nsomba za Chilwa zimakwana zingati pachaka? Mwa izo, zabwerera zingati ku madoko? Pa Namanja pali zimbudzi zingati zomangidwa ndi ndalama zimenezo? Zikutheka bwanji kuti munthu yemweyo akhale wodziwika polipira koma wosadziwika polandira?

Musabisalenso kumbuyo kwa mawu aja akuti asodzi ndi anthu osamva, oyendayenda, osalamulirika. Pitani kumpoto pang'ono, ku nyanja ya Chiuta, kwa Ngokwe ndi kwa Chikweo, m'boma lomweli la Machinga. M'ma 1990 kunafika asodzi a makoka a nkacha amene ankakokolola chilichonse, ndi tiana ta nsomba tomwe. Mu 1995 eni dera anadzisonkhanitsa okha, anakhazikitsa makomiti a m'magombe, n'kuwathamangitsa. Sanadikire galimoto yochokera ku Lilongwe. Lamulo la usodzi la 1997, limene limavomereza anthu kutenga mbali poyang'anira nsomba, linawapeza atayamba kale. Chaka chomwecho cha 1995, Chilwa itaphwa, mafumu ndi anthu awo anagwirizana ndi alangizi a usodzi kuteteza maiwe a m'mitsinje mmene nsomba zinathawira, analetsa kuthira katupe wophera nsomba, ndipo madzi atabwerera nsomba zinabwerera nawo. Anthu amene anachita zimenezi ndi omwewo mukuti sangalamulirike? Chimene a ku Chiuta akhala akupempha kwa zaka zambiri n'choti mukambirane ndi anzanu a ku Mozambique, chifukwa nyanjayo ili m'maiko awiri ndipo lamulo loletsa nkacha likagwira mbali imodzi yokha limakhala lopanda mano. Zokambiranazo zinafika pati? Pangano lake tingaliwerenge kuti?

Za kumtunda kwa mitsinje tingonena mwachidule, poti aliyense woyenda pa msewu wa Liwonde kupita ku Zomba amaona yekha matumba a makala atandandalikidwa. Mitengo ya ku Chikala ndi ku Malosa ikatha, dothi limatsika ndi Domasi ndi Lingoni kukakwirira nyanja yomwe ndi yosaya kale. Masikimu a mpunga amapatutsa madzi asanafike, ndipo mlimi wa mpunga nayenso ali ndi ana oti adye. Ndani amagawa madzi amenewa pakati pa mlimi ndi msodzi? Alipo munthu mmodzi, ofesi imodzi, imene tingaifunse za nyanja yonse ya Chilwa osatiuza kuti mbali imeneyo ndi ya boma lina? Kuyambira 2010 kunali pulogalamu yaikulu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, ya ndalama zochokera ku Norway. Inabweretsa nyumba zoumitsira nsomba ndi dzuwa, amayi ena anapindula. Ndalamazo zitatha, munapitiriza chiyani ndi ndalama zanu?

Pakati pa Chilwa ndi Chiuta pali mtunda wamchenga wautali umene unalekanitsa nyanja ziwirizi kalekale. Pamwamba pake padutsa njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka, kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Usana ndi usiku sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pamenepo kupita ku Nacala. Bogi iliyonse ili ndi nambala, kulemera kwake n'kodziwika, ola limene yadutsa pa Nayuchi limalembedwa m'maiko onse awiri. Kum'mwera kwa njanjiyo, pamtunda woti woyendetsa sitima amaona utsi wa zowamba, kuli anthu amene maiko awiri omwewo sanagwirizanepo n'komwe kuti awawerenge. Nzeru zowerengera muli nazo, makompyuta muli nawo. Chikusowa n'chiyani?

Madzi saiwala khwawa. Atathawa mu 2018, anabwerera ndi mvula ya Malichi 2019, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anadzaza nyanja mpaka inalowa m'minda ndi m'nyumba za anthu a m'mphepete. Amene analima mpunga pa malo omwe nyanja inasiya anataya zonse. Malo amenewa, amene chaka china ndi munda chaka china ndi nyanja, ndi a yani? Mfumu ikagawa, boma limadziwa? Munaikapo chizindikiro chosonyeza polekezera madzi zaka za mvula yambiri, kuti banja latsopano lisamange pamene padzamire? Inu a DoDMA, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mapu anu a ngozi akuonetsa gombe la chaka chiti, la 2018 kapena la 2023? Pamene mukuchenjeza anthu pa wayilesi kuti asamukire kumtunda, munthu amene ali pa njedza, ulendo wa maola angapo kuchokera pa doko, mwera ukuwomba, mumayembekeza kuti asamuke bwanji?

Pa nthawi ya kampeni timakuonani pa madoko. Nsalu zimagawidwa, malonjezo a bwato la ambulansi ndi a msewu wa kudoko amanenedwa pa chimkuzamawu. Mavoti a anthu amenewa mumawadziwa mtengo wake, ndipo tsiku loponya voti palibe amanena kuti asodzi ndi ovuta kuwapeza.

Kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2028. Ino ndiyo nthawi yoti muyankhe, mafunso ake ndi mapu a madera owerengera anthu zisanasindikizidwe. Kodi pa mapu amenewo nyanja ya Chilwa idzakhalanso banga lobiriwira lopanda nambala, kapena mudzaigawa m'madera owerengera monga mumagawira midzi? Pa fomu padzakhala funso lofunsa kumene munthu amagona miyezi yambiri ya chaka? Mudzalemba ntchito ana a asodzi, odziwa tinjira ta mu njedza, olankhula Chiyao ndi Chilomwe, kuti akawerenge anzawo? Mu bajeti ya kalemberayo muli mzere wa mabwato ndi mafuta ake? Ndipo chiwerengerocho chikadzatuluka, ndani mwa ma DC atatu aja adzachilandire n'kusayinira kuti anthu awa ndi ake?